Mayi, mutha kudzitenga nokha zoyezetsa khansa ya khomo la chiberekero

Amayi anzanga a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth, ambirife chimene chimatiletsa kukayezetsa VIAC (kuyeza kumene anamwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuyang'anapo) n'chodziwika: kuvula pamaso pa munthu, kugona chagada, ndi chitsulo chozizira chija. Manyaziwo ndi omveka. Koma khansa ya khomo la chiberekero ndiyo ikugwira amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse muno mu Zimbabwe, ndipo ikamayamba simumva kuwawa.

Chimaiyambitsa ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Nthawi zambiri thupi limakachotsa lokha. Kakakhalitsa, khansa imatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ikule, koma kwa amene chitetezo chawo chatsika zimatha kukhala zaka 5 mpaka 10 zokha. Kuyeza HPV kumapeza kachilomboka khansa isanayambe.

Funsani anamwino pakiliniki ya kwanu za kuyeza HPV kodzitenga nokha. Mumalandira kamtengo kowonda kokhala ndi thonje kunsonga, ndi kabotolo. Sambani m'manja, muimirire mwendo umodzi uli pampando kapena munjute, mulowetse kathonjeko m'njira ya amayi pang'onopang'ono. Sikofunika kufika pakhomo la chiberekero penipenipo. Kazungulizeni masekondi 20 kapena 30, kenako mukatsekere m'kabotolo osakhudza nsongayo. Ngati muli kumwezi, dikirani mumalize kaye.

Zotsatira siziwonekera pomwepo ngati poyeza mimba. Kabotoloko kamapita kulabotale, choncho bwezani msanga, musiye nambala ya foni imene imagwiradi. Apa ndi pamene mtima wanga uli: akakuuzani kuti HPV yapezeka, si khansa ayi, koma bwererani akakuoneni. Akapeza timabala toyamba pakhomo la chiberekero, amatiwotcha kapena kutiumitsa m'mphindi zochepa, mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuyamba pa zaka 30, n'kubwereza pakapita zaka 5 mpaka 10. Amene muli ndi HIV yambani pa zaka 25, muzibwereza zaka 3 mpaka 5 zilizonse, ngakhale mukumwa ma ARV mokhulupirika.

Koma ngati mukutaya magazi mukagona ndi abambo, pakati pa mwezi, kapena mutasiya kale kusamba, kapenanso mukutuluka chikazi chonunkha, kathonje musakadikire. Pitani kuchipatala sabata ino.