Sitika yobwerera ku Ocracoke namondwe akadutsa: mafunso amene akuvuta

Namondwe akangodutsa madandaulo amakhala omwewo, wina wamulola kukwera sitima wina wamubweza padoko. Sitika yomwe tikunenayi ndi chilolezo chosonyeza gulu lomwe muli pobwerera ku Ocracoke anthu akasamutsidwa chifukwa cha namondwe. Tiyankheko.

Ocracoke ili kuti?

Ndi chilumba cha mchenga m'boma la Hyde County ku North Carolina, America, ndipo mlatho kulibe.

Nanga bwanji maofesi ali kutsidya?

Likulu la Hyde County ndi Swan Quarter, kumtunda, pakati pali nyanja ya Pamlico Sound, ulendo wa maola awiri ndi theka pa sitima yonyamula magalimoto. Chilumbachi chinali cha Carteret County mpaka 1845 pomwe anachipereka ku Hyde. Boma lonseli mu 2020 linali ndi anthu 4,589 basi, malo ambiri ndi madambo, minda ndi nyanja ya Mattamuskeet, ndiye musayembekezere antchito ambirimbiri okuthandizani tsiku limodzi.

Nyumba ndi yanga, msonkho ndimalipira, akundiika pambuyo chifukwa chani?

Funso ili ndi lomwe limatentha. Dongosolo lobwerera pachilumbachi, oyamba ndi opulumutsa anthu, kenako okonza magetsi, madzi ndi misewu, kenako okhala konko chaka chonse, kenako eni nyumba okhala kwina, alendo kumapeto. Palibe akukana kuti nyumbayo ndi yanu, komanso zoona nkhungu siidikira, nyumba yolowa madzi ikakhala yotseka imawonongeka msanga, tikumva ndithu, koma munthu amene alibe pena pogona sangafanane ndi amene ali ndi nyumba ina kumtunda. Amene amakhala miyezi ina kuno ina uko, nkhani yawo imayendera mapepala omwe aonetsa, ndiye sitingalonjeze gulu lomwe angagwere. Ndipo sitikayo siikutanthauza kuti mukwera lero, pamafunika akuluakulu alengeze kaye kuti gulu lanu latsegulidwa.

Kodi dongosololi linathandizapo?

Eya. Pa 6 September 2019 namondwe Dorian anamiza mudzi wa Ocracoke, alendo sanaloledwe mpaka December, zomwe zinapatsa mpata ochotsa zinyalala ndi okonza msewu wa NC 12. A malo ogona ndi odyera anataya ndalama, izo sitikana.

Ndi sitikayi ndikwera ulere?

Ayi, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sitimazo amayendetsa ndi a zamtengatenga a North Carolina osati Hyde County. Njira ya ku chilumba choyandikana cha Hatteras yakhala yaulere kwa zaka zambiri, za Swan Quarter ndi Cedar Island ndi zolipira, ngakhale nthawi yosamutsa anthu mokakamiza amachotsa malipiro. Za mitengo kafunseni kumeneko.