Kokeni Sachotsa Mowa M'mutu

Kwa zaka zambiri anthu ena akhala akukhulupirira kuti munthu akaledzera, kokeni (mankhwala ozunguza bongo a cocaine) pang'ono amamuchotsera mowa m'mutu. Limeneli ndi bodza, ndipo lapha anthu.

Kokeni amangophimba kuledzera. Amachulukitsa muubongo dopamine, mankhwala achilengedwe a m'thupi opangitsa munthu kumva chisangalalo, tulo n'kuthawa, munthu n'kumadziona ngati wachangamuka. Koma mowa umakhala ukadali m'magazi. Mphamvu ya kokeni wokokera m'mphuno imatha pakangopita mphindi 15 mpaka 30, ndipo kuledzera kumabwereranso, nthawi zina munthuyo ali kale pachiwongolero.

Choopsa kwambiri chimachitikira m'chiwindi. Mowa ndi kokeni zikakumanamo, chiwindi chimapanga mankhwala ena otchedwa cocaethylene, omwe amakhalitsa m'thupi kuposa kokeniyo. Kokeni payekha amafinya mitsempha ya magazi kwinaku akuthamangitsa mtima, ndiye mtima umafuna magazi ochuluka pomwe njira zake zapanikizika. Cocaethylene amatalikitsa chipsinjo chimenechi. Zimandipweteka kwambiri kuti ngakhale wachinyamata wathanzi, yemwe sanadwalepo mtima, angathe kugwa ndi nthenda ya mtima kapena sitiroko usiku womwewo.

Wina akamva kupweteka pachifuwa atasakaniza ziwirizi, thamangirani naye kuchipatala, ndipo muwauze madokotala zonse zimene wamwa ndi kukoka.