Kukumbukira malemu pa gofu yosonkhetsa ndalama za HIV ndi Edzi

Mpikisano wa gofu wosonkhetsa ndalama ukakhalitsa, komiti imayamba kuona mipata. Bambo amene ankalipirira dzenje lachisanu chaka ndi chaka adatisiya. Mayi amene ankalemba mayina a osewera pakhomo naye adatsogola. Ganizo lowakumbukira ndi labwino, koma lili ndi msampha umene makomiti ambiri sauona. Pa tsiku limene nsalu iliyonse yalembedwa HIV ndi Edzi, dzina la malemu likangotchulidwa, omvera amadziyankhira okha mumtima: kani adapita ndi matendawa? Mwina munthuyo adamwalira pangozi ya pamsewu kapena ndi shuga, koma mphekesera yanyamuka kale, ndipo oisenza ndi mkazi wamasiye ndi ana.

Choncho ntchito imayambira kubanja, chikwangwani chisanalembedwe. Anthu awiri a mukomiti apite okha, patatsala miyezi iwiri. Uthenga wa pa WhatsApp sukwanira pa nkhani ngati iyi. Pofunsa, musathere pa mkazi kapena mwamuna wa malemu yekha. Kuno kwathu dzina la munthu lili ndi eni ake, ndipo mwini mbumba akamva kwa anthu kuti dzina la m'bale wake lapachikidwa kukalabu, mwambo wonse umasanduka mlandu. Funsaninso ngati adamanga kale chiliza, kapena ngati sadaka idachitika kubanja lachisilamu. Mabanja ena safuna kuti akunja achite chikumbutso iwo asanamalize zawo. Akati dikirani chaka chamawa, dikirani.

Akavomera, alembereni papepala mawu enieni amene adzanenedwe ndi kusindikizidwa, awerenge, asaine. Dzina lilembedwe monga iwo alilembera, ndi chaka chobadwa ndi chomwalira ngati afuna. Chithunzi asankhe okha. Mawu abwino ndi onena zimene munthuyo adachita: "adathandiza mpikisano uno zaka zisanu ndi zitatu", basi. Chimene chidamutenga sichitchulidwa. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha momwe m'thupi mwa munthu mulili, ndipo komiti yanzeru imasunga chinsinsicho ngakhale mwini wake atagona. Pokhapokha ngati malemu ankalankhula poyera ali moyo kuti ali ndi kachirombo, ndipo banja likufuna zinenedwe, pamenepo nenani mosabisa, chifukwa kubisa zimene mwini wake sankabisa n'kumuchotsera ulemu. Wotsogolera mwambo anenenso chiganizo chimodzi asanawerenge mayina: "Awa ndi anzathu amene adagwira nafe ntchitoyi, ndipo adatisiya m'njira zosiyanasiyana." Chiganizo chimenecho chimatseka pakamwa pambiri.

Nthawi yochitira mwambo ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amauika madzulo popereka mphoto, anthu atayenda padzuwa maola anayi kapena asanu, atayamba kale kunyowetsa kukhosi, ena akukangana za zigoli. Mphindi yachete siikhala chete. Malo ake ndi m'mawa, masewero asanayambe. Mipikisano yotere kawirikawiri imayamba ndi shotgun, kutanthauza kuti magulu onse amayamba nthawi imodzi, lililonse padzenje lake. Pabwalo la maenje 18, magulu a anthu anayi, ndiye kuti osewera 72. Pabwalo la maenje 9 ndi 36. Anthu onsewa amakhala pamodzi kamodzi kokha ali bwinobwino: pamene akuuzidwa malamulo a tsikulo. Aitaneni patatsala mphindi 30 kuti lipenga loyambitsa masewero lilire. Malamulo atenge mphindi zisanu, chikumbutso zisanu, zotsalazo n'zoyendera, chifukwa opita kumaenje akutali amafunika mphindi 10 kapena 15.

Dzina lililonse lipatsidwe masekondi asanu, kotero mayina 12 ndi mphindi imodzi. Wowerenga ayeseze dzulo lake. Kuphonya dzina la malemu pamaso pa ana ake n'chinthu chimene sachiiwala. Mphindi yachete iyezedwe ndi wotchi, apo ayi imathera pa masekondi 20. Uzanitu oyendetsa makina otchetcha udzu ndi wa zoimbira kuti azimitse. Ndipo pamndandandapo pasakhale mabwana a makampani okha. Ma caddie (onyamula zikwama za osewera), ogwira ntchito pabwalo, ophika: ngati adali nanu ndipo adapita, mayina awo alowe, motsata alifabeti kuti pasakhale woyamba chifukwa cha ndalama.

Za chikho. Chikho chotchedwa dzina la malemu chimakongola chaka choyamba, koma chikapita kunyumba kwa wopambana chimabwerera chothyoka khutu, kapena osabwerera n'komwe mwini wake akasamukira kunja. Chachikulu chizikhala kukalabu, wopambana azitenga chaching'ono. Dzina la wopambanayo lizokotedwe pachikho chachikulucho mwezi usanathe, chifukwa pakadutsa zaka ziwiri palibe amene amakumbukira bwino. Ngati banja silikufuna zambiri, dzenje limodzi la par 3 (dzenje lalifupi limene katswiri amayenera kulimaliza atamenya mpira katatu) limakwanira: kachikwangwani pamalo oyambira, ndi mphoto ya amene mpira wake woyamba waima pafupi kwambiri ndi mbendera. Mpirawo uyenera kuima pa green, malo a udzu waufupi ozungulira dzenje, ndipo pakhale munthu ndi tepi yoyezera.

Chikho chachikulu ndi bwino chiperekedwe pa mapointi a Stableford, amene amawerengedwa padzenje lililonse poganizira luso la wosewera, kuti wosewera wamba naye akhale ndi mwayi. Koma fufuzani kukalabu kwake handicap ya aliyense, nambala yosonyeza luso lake: ikakwera, wosewerayo amapeza mapointi mosavuta. Pa mipikisano yothandiza anthu pamabwera alendo otchula handicap yokwera dala, ndipo zimawawa kuona mayi wamasiye akupereka chikho cha mwamuna wake kwa munthu amene holo yonse ikumung'ung'udza. Za kulankhula, musakakamize wabanja. Ena amafuna kungopereka chikho n'kukhala pansi. Apatseni tebulo, chakudya ndi galimoto yowatenga, ndipo asalipire kalikonse pakhomo.

Ndalama zoperekedwa m'dzina la malemu zilembedwe pazokha, zisasakanikirane ndi zolipirira bwalo, chakudya ndi ma caddie. Zilowe kuakaunti ya bungwe kapena nambala ya bungwe ya Airtel Money kapena Mpamba, osati foni ya msungichuma. Polengeza ntchito yake, nenani zoona. Ma ARV akhala akuperekedwa ulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, ndiye mukati "tikugulira anthu mankhwala" odziwa adzakukayikirani. Zimene zimasowa n'zina: thiransipoti yokatengera mankhwalawo, chakudya, fizi ya ana amasiye, ndi misonkhano ya achinyamata amene ali pa mankhwala. Pasanathe masiku 30, banja lilandire kalata yonena ndalama zimene dzina la m'bale wawo labweretsa ndi kumene zapita.

Tsiku nalo lisankhidwe ndi maso a wosewera. Ambiri amathamangira 1 December, tsiku lokumbukira Edzi padziko lonse, koma ku Lilongwe Golf Club, Blantyre Sports Club kapena Country Club Limbe nthawi imeneyo mvula yayamba, ndipo munthu wogwira ndodo yachitsulo pabwalo poyera sayenera kukhalapo mphezi zikung'anima. Masewero akaimitsidwa, theka la anthu limapita kwawo mphoto zisanaperekedwe. Lamulungu lachitatu la May ndi tsiku la International AIDS Candlelight Memorial, mwambo woyatsa makandulo umene udayamba mu 1983 pokumbukira amene adapita. Nthawi imeneyo mvula yatha, udzu ukadali wobiriwira, ndipo kunja kwazizira bwino. Sewerani Loweruka lake kuti musalimbane ndi mapemphero, ndipo bwalo mulisungitse January asanathe, chifukwa makalabu amadzaza kalendala yawo chaka chikangoyamba.