Chaka chomwe tokamak inakankhira stellarator pambali

Chilengezereni a ITER, ntchito ya mayiko ambiri yoyesa kupeza mphamvu pophatikiza ma atomu monga zimachitikira mu dzuwa (fusion), mu Julayi 2024 kuti kafukufuku pa chimakina chawo cha ku Cadarache, France, adikira mpaka 2034, kuphatikizapo ma euro ena 5 biliyoni pamwamba, mkangano wakale uja wadzukanso, woti kodi asayansi sanapupulume posankha makina a mtundu wa tokamak nkusiya a stellarator?

Fusion imachitikira mu plasma, mpweya wotentha madigiri mamiliyoni, palibe chitsulo chingapirire, ndiye amaimanga ndi maginito kuti isakhudze khoma. Lyman Spitzer wa ku yunivesite ya Princeton ku America anabwera ndi stellarator mu 1951, momwe maginito a kunja amagwira ntchito yonse. Ku Moscow, potsatira maganizo a asayansi a ku Soviet Union, Sakharov ndi Tamm, anapanga tokamak, yooneka ngati tayala, yomwe imadutsitsa magetsi mu plasma momwemo.

Zinthu zinatembenuka mu 1968 pa msonkhano wa ku Novosibirsk ku Soviet Union. Gulu la ma Soviet la Lev Artsimovich linati tokamak yawo ya T-3 yafika madigiri pafupifupi 10 miliyoni, aku America nkungopukusa mitu. Ambiri pofotokoza nkhaniyi amati inali nsanje chabe, koma ine ndimawamvetsako, chifukwa ma Soviet kutenthako sankayeza mwachindunji, komanso anthu anali asanaiwale manyazi a ZETA, makina a ku Britain, omwe mu 1958 analengeza kuti fusion yatheka kenako nkubweza mawu patangopita miyezi yochepa. Artsimovich analimba mtima, Cold War ili mkati, anaitana ma British a ku labotale ya Culham kuti bwerani mudzayeze nokha. Gulu la Nicol Peacock linanyamula laser ndi zida zolemera matani angapo mpaka ku Kurchatov Institute ku Moscow, amawombera kuwala mu plasma nkumaona mmene kukumwazikira kuti adziwe kutentha kwake. Zotsatira zinatuluka mu magazini ya sayansi ya Nature mu Novembala 1969: ma Soviet amanena zoona.

Pofika 1970 a Princeton anali atasandutsa kale Model C, stellarator yawoyawo, kukhala tokamak. Changu chake! Inde Model C inkataya plasma moipa, izo sitingakane, koma makompyuta otha kuwerengera kapotedwe koyenera ka maginito kunalibe nthawi imeneyo. Atapezeka, aku Germany anamanga stellarator ya Wendelstein 7-X ku Greifswald, inayaka mu Disembala 2015, ndipo mu Febuluwale 2023 inasunga plasma mphindi 8 osazima. A mbali ya tokamak amayankha ndi JET, tokamak ya ku Culham, yomwe mu 2023 inatulutsa mphamvu ya ma megajoule 69 m'masekondi 5 okha pogwiritsa ntchito tritium (mtundu wolemera wa hydrogen), mafuta a fusion omwe Wendelstein 7-X sinalawepo.