Makaniko waluso akachoka, makasitomala amamutsata

Eni magalaja ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu komwe amadandaula chimodzimodzi. Mnyamata amabwera asakudziwa ngakhale sipanala ya 10, mumamuphunzitsa zaka zinayi, ndiye akangopsa basi watsegula kake pansi pa mtengo wa mango kapena walowera ku Joni. Makasitomala nawo amamutsata, pakuti nambala yomwe anasunga m'foni ndi yake, osati ya galaja. Dandauloli ndi loona. Komatu chomwe chimamuchotsa munthuyo nthawi zambiri chimakhala m'buku la galaja momwemo, m'mene ntchito imawerengedwera.

Tiyerekeze galimoto ya Toyota Sienta yabwera, nyale ya injini yayaka, ikudya mafuta komanso ikunjenjemera ikaima. Mwalumikiza makina oyezera, atulutsa P0171. Nambalayi ikungonena kuti mu injini mukulowa mpweya wopitirira muyeso poyerekeza ndi petulo, siikutchula chomwe chawonongeka. Wosazindikira amathamangira kusintha oxygen sensor, kachipangizo koyeza mpweya wotsalira mu utsi. Zikakanika asintha mapulagi, kenako pampu ya mafuta, ndalama za kasitomala zikungopita nyale ili chiyakire. Waluso amayamba wamvetsera ngati pali kaphokoso ka mpweya woyamwidwa, n'kupinda paipi ya labala yochokera ku air filter (sefa ya mpweya) kuti aone ngati yang'ambika kunsi komwe maso safika. Amayang'ananso MAF sensor, yomwe imayeza mpweya wolowa mu injini, ngati yadetsedwa ndi fumbi la m'misewu yathuyi, n'kuyeza mphamvu yomwe pampu ikukankhira mafuta. Mphindi 40 zisanathe wapeza kuti ndi paipi. Galu wamkota sakandira pachabe.

Tsono taonani pa lisiti. Palembedwa paipi imodzi ndi kandalama kochepa komangira. Mnzake amene watha tsiku lonse akutsitsa giyabokosi walowetsa ndalama zooneka, ndipo ndi amene bwana amamuyamikira madzulo. Galaja yotere ikulipira thukuta lokha, nzeru ikuzipereka ulere, ndipo mwini nzeruyo amaziona zimenezi tsiku ndi tsiku.

Choyamba kukonza n'chimenechi. Kufufuza vuto kukhale ndi mtengo wakewake, kasitomala auzidwe boneti isanatsegulidwe. Galimoto iliyonse ikhale ndi khadi yake yolembapo dandaulo la mwini galimoto m'mawu ake, makilomita omwe yayenda, dzina la amene wafufuza, zomwe wapeza, zida zomwe zaikidwa ndi komwe zachokera, nthawi yoyambira ndi yomalizira. Ena amati khadi ndi za magalaja akuluakulu. Ayi ndithu, kope la ana asukulu likwanira, bola lilembedwe tsiku lililonse.

Malipiro ali ndi misampha iwiri. Mukalipira pa ntchito yokha yomwe munthu wagwira, aliyense amalimbirana mabuleki ndi kusintha oyilo, zamawaya n'kumazithawa chifukwa zimadya nthawi. Amathamanganso, mabawuti n'kumangomanga ndi mkono osayeza. Mukalipira ya pamwezi yokha, wakhama ndi waulesi amafanana, ndipo wakhamayo amayamba maganyu a Lamlungu ndi makasitomala anu omwe. Njira yabwino ndi kuphatikiza: ya pamwezi yokwanira lendi, chakudya ndi thiransipoti, yobwera tsiku lake osaphonya, kenako gawo lodziwika la ndalama ya ntchito, ya kufufuza ija ili momwemo. Mwachitsanzo mukagwirizana 20 peresenti, ntchito ya K100,000 imupatsa K20,000, ndipo atha kudziwerengera yekha kuchokera pa makhadi. Malipiro akachedwa ndi sabata ziwiri munthu amagwa m'manja mwa akatapila, ndipo amene ali ndi katapila kumutu ndi amene amayamba kuzembetsa makasitomala.

Pomwe pamaphulika mkangano weniweni ndi galimoto ikabwereranso ndi vuto lomwe lija. Mabwana ambiri amangodula malipiro osafunsa. Chonsecho galimoto imabwerera pa zifukwa zosiyana, ndipo khadi ija ndi imene imaweruza. Titenge gasiketi ya hedi, yomwe imakhala pakati pa mutu wa injini (hedi) ndi thunthu lake. Ngati makaniko sanayeze hedi ndi chitsulo chowongoka ndi feeler gauge (timapeni toyezera mpata) kuti aone ngati yapindika, kapena sanamange mabawuti kuyambira pakati kupita kunja ndi torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti) monga wopanga injiniyo ananenera, mlandu ndi wake, abwereze popanda gawo. Koma mwina analemba kuti rediyeta yatsekeka ndipo thermostat (kavalavu kowongolera kutentha kwa injini) yafa, mwini galimoto n'kunena kuti "ingomangani, zinazo ndidzaona." Injini ikawiranso, makaniko walakwa chiyani? Mwinanso gasiketiyo anabwera nayo kasitomala, yotchipa ya pamsika. Chimodzimodzi ndi Nissan Note kapena Honda Fit: giyabokosi yake ya otomatiki, yotchedwa CVT, imafuna oyilo wakewake, ukathiramo ATF, oyilo wamba wa magiyabokosi a otomatiki, imayamba kutsetsereka mpaka kutheratu. Ngati bwana ndi amene anagula oyiloyo pofuna kupulumutsa ndalama, asamusenzetse mnyamata. Kudula munthu malipiro pa cholakwa cha wina kumamuchotsa msanga kuposa malipiro ochepa.

Zida nazo zili ndi nkhani yake. Masipanala ang'onoang'ono makaniko atha kukhala ndi ake, koma makina oyezera, multimeter (mita yoyezera magetsi), torque wrench, jeke yamphamvu ndi zitsulo zochirikizira galimoto agule ndi mwini galaja. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto yomwe yakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa. Jeke imatsika yokha mafuta ake akadontha, njerwa imaphwanyika osachenjeza. Manati a mateyala pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri a Toyota amafuna 103 Nm pa torque wrench, koma popanda choyezera anyamata amakwera pa sipanala ndi phazi, bawuti n'kutanuka, tsiku lina n'kuduka pamsewu.

Magalimoto a hybrid, oyendera petulo ndi magetsi omwe, ochokera ku Japan achuluka, ndipo apa pafunika kunena mosabisa kuti pali imfa. Batire ya Toyota Aqua ili ndi mavoti 144, ya Prius imapitirira 200. Mawaya a mtundu wa olenji sagwiridwa wamba. Galimoto imazimitsidwa, waya wa negative wa batire yaing'ono n'kuchotsedwa, kenako service plug, pulagi yodulira magetsi a batire yaikulu, imazulidwa munthu atavala magolovesi otchinga magetsi ofika mavoti 1,000. Amadikira mphindi 10 kuti magetsi otsalira mu inverter, bokosi losintha magetsi a batire kupita ku mota, athe, n'kuyeza ndi mita asanagwire kanthu. Makaniko amene waphunzira zimenezi akufunidwa tauni yonse. Mukamuuza kuti agwire ndi manja chifukwa magolovesi ndi odula, amadziwiratu mtengo womwe mwaika pa moyo wake.

Malamulo a ntchito sasiya magalaja kunja. Lamulo la Employment Act la 2000 limati ntchito isapitirire maola 48 pa sabata. Owonjezera pa tsiku wamba amalipiridwa kamodzi ndi theka, a tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma kawiri. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pa chaka. Pa penshoni, bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Makaniko wa zaka 40 wa ana ku sekondale amaziganizira kwambiri zimenezi, pakuti msana ndi mawondo pa ntchitoyi sizichedwa kutha.

Ambiri amaopa kuphunzitsa munthu poti adzathawa. Mantha amenewa ali ndi mankhwala ake. Mulipirireni maphunziro, kaya a TEVETA, kaya ku Lilongwe Technical College kapena ku Soche Technical College, kaya mayeso a trade test oyesa luso la ntchito zamanja, koma mulemberane kuti akamaliza agwira nanu nthawi yakutiyakuti, akachoka msanga abweza gawo lotsalalo. Pepala likabwera, malipiro akwere mwezi womwewo. Amene akuphunzitsa anyamata atsopano apatsidwenso kenakake, chifukwa ola lomwe akuonetsa mwana kuika timing belt (lamba wa m'injini) ndi ola lomwe gawo lake laima.

Pali zina zosalira ndalama. Musalonjeze kasitomala kuti galimoto ituluka 4 koloko musanafunse amene akuigwira. Akalakwitsa muitanireni pambali, osamukalipira pamaso pa mwini galimoto ndi anyamata omwe iye amawalamula. Kasitomala akafunsa chomwe chinavuta, itanani makaniko afotokoze yekha.

Ngakhale mutachita zonsezi, ena adzafunabe kuima paokha. Munthu wotere akayamba kutchula za malo ake, khalani naye pansi nthawi ikadalipo. Mutha kumupatsa mbali ya zamawaya ndi makina oyezera kuti aziyendetsa yekha m'galaja momwemo, inu mupereke malo ndi zida, phindu muzigawana monga mwalemberana. Akakana, musiyane bwino, ndipo Aqua yovuta ikabwera muzimutumizira kapena kumuitana pa mtengo womwe mwagwirizana.