Bungwe la m'dera silipereka chilolezo chomangira

Ndatopa kumva, zaka ndi zaka, ku Mbare ndi ku Highfield, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, kuti bungwe la anthu a m'dera ndilo limaloleza kapena kuletsa kumanga ndi kugumula nyumba. Ayi, abale anga, chilolezo chimachokera ku khonsolo.

Bungwe limasonkhanitsa madandaulo, kulemba makalata otsutsa ndi kukumbutsa mbiri ya malo, ntchito imene ine ndimailemekeza kwambiri. Wina akafuna kusandutsa nyumba kukhala sitolo, kawirikawiri chidziwitso chimatuluka m'nyuzipepala, ndipo oyandikana naye amapatsidwa nthawi yotsutsa polemba. Nyumba zomangidwa 1910 isanafike zili ndi lamulo lakelake.

Mukamva mphekesera, pitani ku ofesi ya khonsolo mukafunse za pulani ndi chilolezo. Musanatero, chonde musaitumize pa WhatsApp.