Zikwangwani za pamalo okonza msewu zimagwira ntchito ngakhale usiku

Madalaivala ambiri mu Blantyre, makamaka a maminibasi oyenda pakati pa Limbe ndi m'tauni, akhala akukhulupirira kuti zikwangwani zochepetsa liwiro pamalo okonza msewu n'zofunika pokhapokha ogwira ntchito akamaoneka. Wonyamula mbendera yofiira akangoweruka, kapena likakhala tsiku la Lamlungu, iwo amaponda mafuta ngati kuti ntchito inatha kale.

Ogwira ntchito amapita kwawo, koma ngozi imatsala pomwepo. Timiyala tomwe sitinagwirane ndi phula timachititsa matayala kutsetsereka, m'mphepete mwa msewu mumakhala ngalande zosakwirira, ndipo mulu wa mchenga wosiyidwa madzulo suoneka msanga mumdima kapena m'fumbi la miyezi ya chilimwe.

Nkhani ya mabuleki ndiyo ambiri saiganizira. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, dalaivala asanaponde n'komwe buleki. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira pambuyo poponda buleki umawirikiza kanayi, ndipo pa timiyala toterera umatalika kuposa pamenepo. Kondakitala amene amakuwa kuti "tiyeni, kulibe anthu" sawerengera mamita amenewa.